Kodi Mvula Isankha Munthu?

Pali ciweruzo cimene ife tonse ticita msanga, osaitana mboni. Tikaona nkhokwe yodzala titi, Mwini wace ndi munthu wacangu ndi wanzeru. Tikaona nkhokwe yopanda kanthu titi, Uyu ndi mlesi, kapena pali cimene anacimwa. Ciweruzo cotere cikoma m'kamwa mwa munthu wokhuta, pakuti cimcotsera mangawa onse: iye zace anadzipezera yekha, ndipo mnzaceyo anadzitayira yekha. Abwenzi a Yobu anali nayo nzeru yomweyi, ndipo kufikira lero ana ao sanathe pa dziko. Koma funso likhalabe: mwa zonse tiri nazo, ndi ziti zimene tinazipeza ndi manja athu, ndipo ndi ziti zimene zinangotigwera ngati mvula?

Kuli mseu wina ku South Africa, m'cigawo ca Western Cape, umene uika funso limeneli pamaso pa munthu dzuwa lisanalowe. Uyambira ku mudzi wa George, pafupi ndi nyanja yamcere ya Indian Ocean, ndipo utsirizira ku Prince Albert, pa malire a cipululu ca Great Karoo. Kutalika kwace ndi makilomita pafupifupi 130, ulendo umene galimoto angautsirize m'maora ocepa. Koma pa ulendo waufupiwo munthu aoloka mizere iwiri ya mapiri, napita m'maiko atatu osafanana konse, monga ngati wayenda mwezi wathunthu. Tiyeni tiuyende pamodzi, owerenga okondedwa, ndipo tipenye bwino.

Ku George kuli kobiriwira caka conse. Mvula siidziwa cilimwe kumeneko. Igwa mwezi uli wonse, mamilimita pafupifupi 700 pa caka, ndipo kawirikawiri ndi mvula yowaza, yonga mvumbi. Ng'ombe zamkaka zidya msipu wonyowa, ndi kum'mawa kwace, kumka ku Knysna, kuli nkhalango zakuda bii, za mitengo ya zaka mazana ambiri. Kumpoto kwa mudzi kwaima mapiri a Outeniqua ngati linga, ndipo m'mawa wambiri nsonga zace siziomeka, popeza mtambo wazipfunda. Galimoto akayamba kukwera mpata wa Outeniqua Pass, woyendetsa ayatsa nyali usana, cifukwa ca nkhungu. Mseu umenewu unatsegulidwa m'caka ca 1951, ndipo amene anayamba kuukumba anali Ataliyana ogwidwa pa Nkhondo Yaciwiri ya dziko lonse. Pamwamba pace ndi mamita pafupifupi 800.

Tsono codabwitsa ciri pa kutsika. Nkhungu itha mwadzidzidzi, monga ngati munthu wakoka nsaru pa zenera. Dzuwa liwala, ndipo pakupita makilomita owerengeka okha msipu usanduka zitsamba zazifupi zotuwa, nthaka isanduka yofiira ndi yamiyala, mitsinje isanduka mcenga. Limeneli ndilo dziko la Little Karoo, ndipo mudzi wace waukuru ndi Oudtshoorn, makilomita ngati 60 okha kucokera ku George. Kumeneku mvula ya caka conse ndi mamilimita ngati 250, ndiko kunena gawo limodzi mwa magawo anai a mvula imene igwa ku Chipata. Ndipo mu January ndi February kutentha kumapitirira madigiri 40 masiku ena.

Cacitika nciani? Sikuti anthu a ku Oudtshoorn anaputa mizimu. Mphepo yocokera ku nyanja ifika yosenza cinyezi, ndipo ikagunda phiri iribe kwina kopita koma kukwera. Mpweya ukamakwera uzizira, ndipo mpweya wozizira sungathe kusunga madzi onse amene unanyamula uli wofunda. Cifukwa cace madziwo asanduka mtambo, nagwa pa mbali ya phiri yoyang'ana ku nyanja. Mphepo ikaoloka nsonga iri yofinyidwa kale ngati cobvala cocapa. Potsika tsidya lija iyamba kufundanso, pafupifupi digiri imodzi pa mamita 100 ali onse, ndipo mpweya wofunda wouma, m'malo mopatsa nthaka madzi, uilanda ngakhale mame amene inali nao. Motero phiri limodzi lomwelo liri mdalitso kwa okhala kumwera, ndi msampha wa mvula kwa okhala kumpoto.

Apa tiime pang'ono. Tinene kuti ana awiri abadwa tsiku limodzi, wina kuseri kuno kwa Outeniqua, wina kuseri uko. Woyambayo akakula adzakumba dzenje, nadzaikamo mtengo, naiwala. Ndipo mtengowo udzakula. Waciwiriyo adzakumba dzenje lomwelo, nadzasenza madzi masabata ambiri, ndipo kapena mtengowo udzauma. Kodi tidzati woyambayo ndiye mlimi woposa? Palibe mmodzi wa iwo amene anasankha mbali ya phiri. Mapiri amenewa anapindika ndi kukwera zaka zoposa mamiliyoni 250 zapitazo, kusanakhale munthu wofunsidwa. Ndipo cimene ciri coonekera pa mvula ciri coona pa zinthu zina zambiri zosaoneka msanga: thupi lamphamvu, mutu wogwira masamu, atate wosamwa ndalama za sukulu, mudzi umene mseu unaudzera, caka ca mtendere cobadwiramo. Munthu ali yense ali ndi phiri lace limene linamgawira mvula iye asanaphunzire kuyenda. Wokhala ku mbali yonyowa salikumbukira kawirikawiri, pakuti mtambo umene umthirira munda ndi womwewo umene umbisira phirilo.

Koma wina adzati, Ngati ndi tero, cangu ciribe phindu, ndipo mlesi walungama. Iai ndithu, ndipo Oudtshoorn womwe ayankha. Anthu a kumeneko sanakhale pansi kulirira mvula ya ku George. Anapatutsa madzi a mitsinje yocokera m'mapiri, nathirira minda ya msipu wa lucerne, naweta mbalame imene ikonda dziko louma, ndiyo nthiwatiwa. Nkhondo Yoyamba isanabuke, nthenga za nthiwatiwa zinali malonda acinai a South Africa, kutsatana ndi golidi, daimondi ndi ubweya wa nkhosa. Ndipo nyumba zazikuru za miyala zimene olemera a masiku aja anamanga zikali ciimire. Cangu cinapindula. Komatu onani cimene cinatsata: m'caka ca 1914 malondawo anagwa. Nkhondo inayamba, akazi a ku London ndi Paris analeka kubvala zisoti zanthenga, zimenenso sizinali kukhala pamutu m'galimoto zopanda denga. Ndipo alimi ambiri amene anagona olemera anauka amphawi. Sanasanduke alesi usiku umodzi. Cuma cao cinali kudalira mphepo ina, yoomba m'mitima ya anthu a kutali amene sanawaone ndi kale lonse. Cangu ndi khasu, ndipo wosaligwira adzagona ndi njala ngakhale ku George. Koma khasu silipanga mtambo.

Tipitirire, pakuti phiri lalikuru likali kutsogolo. Kumpoto kwa Oudtshoorn kuli mapiri a Swartberg, ndiko kunena Phiri Lakuda. Tara itha, ndipo mseu wa pfumbi uyamba kukwera mokhotakhota, wopapatiza kotero kuti m'malo ena magalimoto awiri sangapambane. Pamwamba pace, mamita oposa 1,500, mphepo iomba yozizira ngakhale tsiku lotentha, ndipo m'miyezi ya June, July ndi August kumagwa cipale cofewa, coyera ngati ufa, cimene nthawi zina citsekereza mseu. M'mbali mwa njira muli maluwa akuru a protea, mbira zootha dzuwa pa matanthwe, anyani, ndi cinkhoma coima pa nsonga ya mwala ndi mapazi onse anai pamodzi. Munthu akaceuka aona Little Karoo yense pansi pace, ndi minda yobiriwira yotsata mitsinje ngati ulusi pa nsaru yofiira. Akapenya kutsogolo aona cigwa cotuwa copanda malekezero, cosungunuka m'thambo. Potsika, mseu upinda ngati njoka, nulowa m'cigwembe cakuya, m'mene matanthwe ofiira aima ciriri mbali zonse ziwiri, mizere yace yopindidwa ngati mphasa yokulunga. Woyankhula ali yense m'galimoto amatonthola pamenepo, ngakhale palibe womuuza.

Mpata umenewu, Swartberg Pass, unatsegulidwa mu January 1888. Wolemba njira yace ndi woyang'anira nchito anali Thomas Bain, ndipo dzina lace lichulidwa ndi ulemu woyenera. Koma amene anasenza miyala anali akaidi oposa 200. Matanthwe ena anawaswa posonkha moto pamwamba pace ndi kuthirapo madzi ozizira. Makoma ocirikiza mseu anawamanga ndi miyala yokha, popanda simenti, ndipo makomawo asenza magalimoto kufikira lero, patapita zaka zoposa 130. Ine ndiyesa kuti waulendo woolokapo ayenera kulingalira ici: anthu amene dziko linawaweruza kuti ngopanda pace ndiwo anasiya nchito yokhalitsa koposa m'dera lonselo, ndipo woyenda lero atsamira moyo wace pa mwala umene wakuba anauika bwino. Maina ao sali pakamwa pa munthu.

Potuluka m'cigwembemo tifika ku Prince Albert. Mapiri awiri adya kale mvula ya kunyanja, ndipo yotsala kuno ndi mamilimita ngati 200 pa caka, zaka zina osafikapo. Kumpoto kwace kwayala Great Karoo: zitsamba zofika m'maondo, timapiri tosalala pamwamba ngati magome, mipanda ya waya yosatha, ndi apa ndi apo mpope woyendera mphepo ulikukoka madzi pansi pa nthaka kuti nkhosa zimwe. Usana dzuwa liocha. Usiku wa m'nyengo yozizira madzi aundana m'zomwera za ziweto. Ndipo nyenyezi zicuruka kotero kuti munthu wozolowera za kwathu, zimenenso siziri zocepa, adabwa. Koma mudzi womwewo ndi wobiriwira. Muli nkhuyu, azitona, mphesa ndi zipatso zina. Madzi ace acokera kuti? Acokera ku Swartberg komweko. Phiri limene linachinga mtambo lisunga mvula ndi cipale m'ming'alu ya miyala yace, nizitulutsa pang'onopang'ono mu akasupe. Ndipo kamtsinje kocokera pamenepo anakalowetsa m'ngalande zotsata miseu ya mudzi.

Cimene ndifuna kuti mucione bwino ndi makonzedwe a ngalandezo. Madzi sakwanira kuti onse athirire nthawi imodzi. Cifukwa cace agawana ndi maora. Munda uli wonse wokhala ndi gawo uli ndi nthawi yace pa sabata, yolembedwa; ikafika, mwini atsegula kacitseko ka pa ngalande, madzi nalowa m'munda mwace; ikatha, atseka, kuti apitirire kwa mnzace wa kumunsi. Ngati nthawi yako igwa usiku, udzuka usiku. Wa kumtunda angathe kuba, pakuti madzi ayamba kudzera pakhomo pace. Ndipo m'midzi ya ngalande zotere mirandu ya madzi siinasowe. Koma lamulo la mudzi linena kuti kukhala kumtunda si kukhala mwini mtsinje.

Pamenepa, ndiganiza, funso lathu litembenuka. Tinayamba ndi kufunsa ngati munthu ayenera mvula imene imgwera, ndipo taona kuti mau akuti kuyenera sagwira nchito pa mtambo. Mtambo suweruza mlandu. Utsata mphepo ndi phiri. Cilungamo ciyambira pamene madzi afika pansi, nalowa m'ngalande yokumbidwa ndi manja a anthu. Palibe adzafunsidwa cifukwa ninji anabadwira kumtunda. Cimene angafunsidwe ndi ici, kuti kacitseko kaja anatseka pa nthawi yace kodi? Ndipo m'dziko liri lonse muli ngalande zambiri zosaoneka ndi maso: msonkho, mtengo wogulira cimanga, malo a m'sukulu, nkhokwe za boma, ngakhale mwambo wakale wa kwathu wakuti wanjala akasume kwa mbale wace wa kutsidya, osabwezedwa manja ali zii. M'caka ca 2024, pamene cilala cinaocha cimanga m'zigawo za kumwera, pakati ndi kum'mawa kwa Zambia, kumpoto mvula inagwa ndithu. Alimi a ku Monze sanali alesi koposa a ku Kasama. Funso la caka cimeneco linali la ngalande.

Koma pali cenjezo lina, ndipo ndi lolemera koposa. Munthu atamva kuti phiri ndilo ligawa mvula, angayambe kusenzetsa phiri mirandu yonse, ndi yomwe ya anthu. Karoo ndi wouma cibadwire, inde. Koma sanali wopanda moyo monga aonekera m'malo ena lero. Dzina lomwelo lakuti Karoo ndi la cinenero ca Akhoekhoe, amene anali kuweta nkhosa ndi ng'ombe m'menemo, nasamuka kutsata mvula, osakhalitsa pamodzi kufikira msipu utatha. Ndipo pamodzi nao, ndi kale lomwe iwo asanafike, munali Asan, osaka nyama. Nyama zonga nswala, zochedwa springbok, zinali kuyenda m'magulu aakuru odetsa dziko; ulendo wao waukuru wotsiriza unaoneka m'caka ca 1896. Munalinso mtundu wa mbidzi wochedwa quagga, umene unatha psiti. Yotsiriza inafera m'khola la zinyama ku Amsterdam m'caka ca 1883. M'zaka za m'ma 1700 Mabunu oweta ziweto analowa ndi akavalo ndi mfuti, nalanda akasupe. Ndipo m'dziko louma wolanda kasupe walanda dziko lonse lozungulira, ngakhale sanalipondepo. Pambuyo pace inafika mipanda ya waya ndi mipope, nkhosa zinacuruka pa malo amodzi caka ndi caka, ndipo m'madera ambiri udzu wabwino unacepa ndi nthaka inakokoloka. Zimenezi sizinacitidwe ndi Swartberg.

Zidzukulu zina za eni dziko aja zinasanduka anthu oyendayenda pa ngolo za abulu, ometa nkhosa za eni ace ubweya, ogona m'mbali mwa mseu, pakati pa mpanda ndi mpanda, popeza kamzere kameneko kokha ndiko kanalibe mwini wowaingitsa. Ndipo m'zaka za tsankho la khungu, kuyambira 1948 kufikira 1994, makamaka ndi lamulo la Group Areas la 1950, midzi ya m'Karoo inagawidwa: miseu yakale ya mithunzi ndi minda inakhala ya azungu, ndipo anthu a khungu lina anaikidwa kunja kwace, pouma. Malamulowo anafafanizidwa, koma woyenda ndi maso aona cipsera cace kufikira lero, pamene mitengo ilekeza ndi pfumbi liyambira. Mzere umenewo ufanana ndi wa pa Outeniqua, kobiriwira uku, kotuwa uko. Koma wina unalembedwa ndi mphepo, wina ndi colembera. Munthu woona mtima ayenera kuphunzira kusiyanitsa mizere iwiriyi, pakuti wokhuta ali ndi mabodza awiri omtonthoza. Loyamba liti, Waumphawi anadzicitira yekha. Likalephera limenelo, laciwiri liti, Ndi cilengedwe, palibe wocitapo kanthu. Onse awiri amsiya iye ali ndi kacitseko kotsegula.

Ndipo nyengo ya m'cipululu siilola munthu kukhazikika pa ciyembekezo ciri conse. Kumadzulo kwa Prince Albert, pa mseu waukuru wa N1 wocokera ku Cape Town kumka ku Johannesburg, kuli mudzi wa Laingsburg, umodzi wa midzi youma koposa m'dzikomo. Pa 25 January 1981 mvula yaikuru inagwa kumtunda kwace, mtsinje wa Buffels, umene masiku ambiri ungaolokedwe osabvula nsapato, unadzala, nulowa m'mudzi ndi matope, ndipo anthu 104 anafa. Akuru anati madzi saiwala khwawa. Nyumba zambiri zinali zitamangidwa pamene mtsinje unadzerapo kale. Mudzi umene unali kupempha mvula caka ndi caka unaonongeka ndi mvula tsiku limodzi, ndipo madziwo sanafunse khomo la wolungama kapena la wocimwa.

Kumpoto cakum'mawa, pa mseu womwewo, kuli Beaufort West, mudzi waukuru wa m'dera limenelo. Kumeneko tsoka linadza mwa njira inayo. M'caka ca 2010 damu la Gamka, limene mudzi unali kumwako, linaphwa, ndipo madzi anayamba kugawidwa mosinthana. Pa nyengo ya Khrisimasi, pamene magalimoto ambiri a ku Johannesburg apita pamenepo kumka ku nyanja, apaulendo anapemphedwa kunyamula mabotolo a madzi ndi kuwasiya m'mudzimo. Ndipo ambiri anatero, anthu osadziwa ndi mmodzi yemwe wa okamwa madziwo. Cinali cinthu cokoma, ndipo sindifuna kucicepsa. Koma mudzi wa anthu zikwi makumi angapo sungakhale ndi moyo pa cifundo ca odutsa, pakuti chuthi cikatha mseu ukhala zii. Cifukwa cace m'caka ca 2011 anatsegula makina oyeretsa madzi onyansa a m'mudzi momwemo, kuwasefa ndi kuwasefanso kufikira ayenera kumwedwa, ndi kuwabwezera m'mipope. Ndiwo anali oyamba a mtundu umenewo m'South Africa. Madzi amene atuluka m'nyumba ya wolemera ndi amene atuluka m'nyumba ya wosauka akomana m'thanki imodzi, nabwerera kwa onse awiri.